A Zikwangwani tatiuzani, masamba amenewa munawayamba bwanji?

Admin: Mwaswera bwanji nonse. Chithunzi cha nthambi ya msuku chomwe a Zikwangwani anaponya usiku chija chandisowetsa mtendere, ena akuti achitenga pa intaneti ena akuti ndi cha foni angochikonza. Ndiye ndati eni ake afotokoze pompano tonse timve, munthu tinamuzolowera ndi mitu ya pa babashopu ndi nkhuku za pa chiwaya lero akujambula masamba osaoneka ndi mzere wa burashi omwe

Wamakamera wa ku Luwinga: wa foniyo ndine, ndipo sindinasinthe maganizo kkkk

Zikwangwani: Kkkk amwene bwerani ku Chibavi mudzaligwire pepalalo, lili pakhoma. Nkhani yake ndi yaitali koma poti mwafunsa. Ine kujambula ndinayamba ku sekondale, anzanga amandipatsa makope a Biology kuti ndiwajambulire mtima ndi impso iwo nkundigulira zitumbuwa, sukulu itatha ndinalowa za zikwangwanizi, saluni, golosale, ma butchala, Chibavi Mchengautuwa Chiputula konseko dzanja langa lilipo. Ndiye kunabwera madala ena ake ogulitsa mbande za mitengo, anagwirapo ntchito ya ulonda wa nkhalango kalekale, akuti akufuna chikwangwani chokhala ndi msuku, mbawa ndi mlombwa kuti ngakhale munthu wosadziwa kuwerenga aziona yekha kuti pano pali chani. Tsono ife a zikwangwani mtengo timaudziwa umodzi, thunthu labulauni pamwamba chimtambo chobiriwira basi, kaya ndi mango kaya ndi paini ndi womwewo. Madala aja sanafune ndi kumva komwe, mmawa mwake anatulukira ndi thumba la nthambi pa njinga nkukhala pa benchi panga tsiku lonse, akuti jambula ichi, osati chomwe chili mmutu mwako

Amama a pa Zigwagwa: Madala amenewo ndawakonda kale

Zikwangwani: Amama anali ovuta koma ndi amene ananditsegula maso. Anatenga tsamba la msuku nkulitembenuza, akuti taona, kumunsi kopyapyala kumtunda kotambalala, lokhuthala louma gwa ukalipinda limathyoka, mitsempha yake yatukuka kunsiku ukuimva ndi chala, ndipo masamba onse aunjikana kunsonga kwa nthambi kusiya kumbuyoku kuli zipsera za omwe anagwa. Ine masuku ndadya moyo wanga onse koma zipsera zimenezo ndinali ndisanazionepo. Kenako mlombwa, anatema kakhungwa pang'ono utomoni wofiira uja nkutuluka, ndi chipatso chake chija chozungulira chokhala ndi phiko kuzungulira konse pakati pali minga. Chikwangwani chinatha, ndalama anandipatsa, koma nthambi zija sindinataye ndinapitiliza kuzijambula madzulo pa mapepala wamba mpaka zinauma. Kuyambira pamenepo ndikamayenda maso amakhala mmbali mwa msewu, akazi anga amati ndidzagundidwa ndi kabaza tsiku lina chifukwa cha chisoso

Mwana wa Fomu 3: Ankolo ndiye munakaphunzira kuti, ku koleji?

Zikwangwani: Ayi mphwanga, YouTube bandulo ikapezeka, ndi sisi wa Forestry ali mugulu momuno amene anandionetsa mmene a sayansi amafunira

Sisi wa Forestry: Ndilipo ndikuwerenga. Ine ndinawapeza akujambula duwa la chidede pa katoni ndikudikira kuti andilembere nambala pa geti, ndinangoona kuti munthuyu amawerenga timasamba ta duwa asanajambule, zomwe ngakhale ife ku kalasi ena sachita. Ndiye ndinawabwerekera buku la Flora Zambesiaca, mabuku amenewa anayamba kutuluka mu 1960 ndipo amafotokoza zomera za Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi Botswana, mkati mwake muli zojambula za inki yakuda yokhayokha, pepala limodzi likuonetsa nthambi, duwa lathunthu, duwa lodulidwa pakati, chipatso, njere, chilichonse ndi muyeso wake pambali. Anakhala nalo mpaka ndinachita kukalilanda

Wamakamera wa ku Luwinga: Chabwino ndavomera kuti ndi dzanja. Koma funso langa ndi ili, zonsezi nzachani mu nthawi ino? Ine ndi kamera yanga duwa lomwelo ndilitola mu sekondi imodzi, kala yake yeniyeni, ubweya onse kuoneka, inu mukhalira pepala limodzi masabata. Si kuzizunza kumeneko?

Sisi wa Forestry: Achimwene tatengani msuku omwewo. Maluwa ake amabwera nthawi ya mvula, masuku amapsa cha mu Novembala ndi Disembala, ndiye chithunzi chanu chimodzi chitola bwanji duwa ndi chipatso chakupsa pamodzi? Komanso msuku ulipo waumuna ndi waukazi, mitengo iwiri yosiyana, waumuna subereka olo mutauthirira bwanji. Wojambula pamanja amaika zonsezo pa pepala limodzi, duwa la uku duwa la uko, chipatso chathunthu, china chodula kuti njere zioneke, kunsi kwa tsamba ndi pamwamba pake. Kamera imatolanso zonse zomwe zili kumbuyo, udzu, mthunzi, tsamba lodyedwa ndi mbozi, ndipo ikagwira bwino kutsogolo kumbuyo kumachita mbuu

Wamakamera wa ku Luwinga: nde ndingotola zithunzi 10 nkuziphatikiza pa kompyuta

Sisi wa Forestry: Ena amatero ndipo zimathandiza, sindikukana. Koma kuti mudziwe zoti mutole 10 zake ziti mukuyenera kuchidziwa chomeracho kaye, ndiye mwabwerera pomwe paja

Wamakamera wa ku Luwinga: mwandipanikiza koma sindinagonje

Aphunzitsi Opuma: Ndalowa mochedwa, ndinali ku maliro ku Ekwendeni. Nkhani yokoma iyi. Mwina achinyamata sakudziwa kuti dzina la sayansi la msuku ndi Uapaca kirkiana, lochokera kwa John Kirk, dotolo amene anayenda ndi Livingstone mu ulendo wa ku Zambezi ndi Shire kuyambira 1858, iyeyo amatola zomera nkumatumiza ku Kew, munda waukulu wa zomera ku London. Chimodzimodzi mkungudza wa ku Mulanje, Widdringtonia whytei, dzinalo ndi la Alexander Whyte. Chomwe chimandiwawa ine nchakuti amene anawalozera mitengo imeneyi, kuwanyamulira katundu ndi kuwauza ntchito yake anali agogo athu, koma maina awo palibe paliponse. Ndiye ndikaona mwana wa ku Chibavi akujambula msuku nkusaina dzina lake pansi, mtima wanga umakhala pansi. Mupitilize a Zikwangwani, ndipo pansi pa chithunzi chilichonse muzilemba dzina la Chichewa, la Chitumbuka, la Chitonga ngati mwalipeza, kenako la sayansilo

Zikwangwani: Yewo chomene adada. Maina ndimalemba ndithu, ndimafunsa azimayi a pamsika ndi achikulire, ndi malo omwe ndachipeza ndi tsiku, sisi anandiuza kuti chithunzi chopanda malo ndi deti kwa a sayansi ndi chokongoletsera pabalaza basi

Mwana wa Fomu 3: Ankolo zipangizo zake ndi ziti, ine ndili ndi pensulo ndi makrayoni a mng'ono wanga

Zikwangwani: Pensulo yakwana kuyambira. Peza HB ndi ina yolimba 2H yolembera mizere yosaoneka kwambiri, lezala watsopano, labala, ndi divaida ija ya mu seti ya masamu yomwe mumangobayana nayo mkalasi, imeneyo ndiye chida chachikulu chifukwa umayeza tsamba kutalika ndi mulifupi nkusamutsira pa pepala ndendende, sungoyerekeza ndi maso. Lezala ndi wodulira duwa pakati kuchokera pamwamba kutsika kuti uone zamkati. Ukapeza kagalasi kokuzira zinthu kaja ka x10 ndiye wadala. Chomeracho uchiike mu botolo la madzi, kumbuyo kwake uimike pepala loyera, ukhale poti kuwala kwa pawindo kukubwera mbali imodzi, ine ndimakonda kumanzere poti ndimajambula ndi lamanja dzanja lisatchinge. Ndipo uyambe ndi duwa chifukwa ndi limene limafota msanga, masamba amadikira

Zikwangwani: Za penti ndiye ina. Ine ndinazolowera penti ya mafuta ya zikwangwani, umapaka kamodzi yakwana, ukalakwitsa upakanso pamwamba. Penti ya madzi siyitero, yoyera mulibe, kuyera kwake ndi pepala lomwelo ndiye pomwe tsamba likunyezimira umasiya osapakapo kuyambira pachiyambi. Umapaka mopyapyala kwambiri, kudikira iume, kupakanso, kudikira, ngati kuzira pakhonde, ukaunjika dothi lambiri kamodzi limang'aluka. Tsono Mzuzu wathuyu ndi chinyontho chake, mu Juni kukachita kamvula kowaza kaja pepala limakhala lonyowa mpaka umatopa nkudikira, ukapupuluma kala yapansi imatukuka zonse nkusanduka matope. Ndipo ukasunga mapepala mu sutikesi pansi pa bedi umakapeza achita nkhungu timadontho tabulauni. Pano ndimasunga mu pulasitiki pamwamba pa kabati

Amama a pa Zigwagwa: Nkhungu ya ku Mzuzu ndiye musanene, nsapato za tchalitchi zimamera ubweya

Mwana wa Fomu 3: green yake mumagula iti, yanga imaoneka ngati ya jersey

Zikwangwani: Yogula ija usaikhulupirire, palibe tsamba looneka choncho. Sakaniza wekha yelo ndi buluu, kenako kadontho kakang'ono ka yofiira kuti izizire, uyese pa kapepala kapadera nkukagunditsa pa tsamba lenilenilo. Uona kuti tsamba limodzi lili ndi zobiriwira zingapo, pamwamba ina kunsi ina, lanthete ina lokhwima ina. Masamba a miombo akamaphuka cha mu Seputembala satuluka obiriwira nkomwe, amatuluka ofiira ena ngati pinki, tapita ku Kaning'ina nthawi imeneyo ukaone

Wa ku Cape Town: Moni a kumudzi. Ine ndimagwira ntchito ya mmunda kuno ndipo ku Kirstenbosch, munda waukulu wa zomera kunoko, ndimapitako, kumakhala zionetsero za zithunzi ngati zimenezi anthu nkumagula ndithu. A Zikwangwani pepala mukugwiritsa ntchito lanji? Kuno amagulitsa lokhuthala la 300gsm losalala, amati hot pressed, ndi limene ojambula maluwa amafuna chifukwa lokhakhala lija limasokoneza timizere tating'ono

Zikwangwani: Amwene mwakhudza pachilonda. Kuno ndimasaka mmashopu a mabuku ndi ku Taifa, ukapeza ndi lopyapyala likangonyowa limapindika, ndiye ndimalinyowetsa kaye lonse nkulimata pa bolodi ndi tepi kuti likauma likhale lokungika. Losalala lokhuthalalo ndinaligwirapo lomwe mlendo wina anandisiyira ku Nkhata Bay, burashi imayenda yokha

Wa ku Cape Town: Disembala ndikubwera pa basi, ndikutengerani paketi ndi maburashi ang'onoang'ono, inu mudzandijambulire nthudza ndikapachike kuno ndizikumbuka kwathu

Zikwangwani: Dilu imeneyo yatheka

Bambo a Awiri: Pepani ndisokoneze, ine funso langa ndi la mthumba. Zimadyetsa ana zimenezi? Chifukwa luso tili nalo ambiri koma Mzuzu munthu angagule chithunzi cha tsamba pomwe tsambalo lili kuseri kwa nyumba yake?

Zikwangwani: Kunena zoona ana akudya zikwangwani mpaka lero. Zamasambazi zimabweretsa mwa apo ndi apo, alendo a ku Nkhata Bay amakonda timakadi tating'ono, malo ogona alendo ena anatengako zopachika, wina wogulitsa uchi anafuna duwa pa lebulo yake, wina wa khofi anafuna nthambi yokhala ndi maluwa oyera aja ndi zipatso zofiira. Chomwe sindichita ndi kugulitsa pepala lenilenilo motchipa, ndimakasikanitsa nkugulitsa makope. Pali bwana wina anatenga zithunzi zanga ziwiri akuti akaonetse anzake ku ofesi, ndinadzaziona pa kalendala popanda dzina langa popanda ndi tambala yomwe, ndiye pano chilichonse chimatuluka mnyumba ndi siginecha komanso theka la ndalama ndilandiriretu

Bambo a Awiri: mxiii anthu ena alibe manyazi

Admin: Dzina la bwanayo musatchule muno chonde, tilibe ndalama za loya

Amama a pa Zigwagwa: Ine ndili ndi pempho. Mudzandijambulire duwa la chinaka. Ndagulitsa chinaka zaka zambiri, ndimadziwa kusinja, kusakaniza ndi nsinjiro ndi chidulo mpaka chigwirane bwinobwino, koma duwa lake sindinalionepo, ife timangolandira timbatata take mmatumba

Sisi wa Forestry: Amama mukadzaliona mudzadabwa, chinaka ndi zomera za mtchire zotchedwa ma orchid a pansi, mitundu ngati Disa, Satyrium ndi Habenaria, ena ofiira ena a pinki ena oyera, amamera mmadambo ndi mmapiri a udzu. Ku Nyika kokha kuli mitundu ya ma orchid yoposa 200 ndipo nthawi yake yowaona ndi ya mvula, Januwale Febuluwale. Vuto ndi loti ukakumba kambatata kaja wapha chomera chonse, ndipo kudzala kwake nkovuta chifukwa njere zake ndi fumbi lenileni, zilibe chakudya mkati, zimamera pokhapokha zikakumana ndi mtundu wina wa nkhungu ya mdothi. Ndiye matumba omwe akupita mmisika ndi kuwoloka kupita ku Zambia komwe amati chikanda, akuchotsa zomwe sizibwerera msanga

Amama a pa Zigwagwa: Mwana wanga ukunena zoona koma usatiweruze, fizi ya ana imachoka pomwepo. Okumbawo ndiye muziwauza

Sisi wa Forestry: Sindikuweruzani amama, nanenso ndimadya. Ndimangoti anthu akanaliona duwalo mwina pokumba bwenzi akusiyako zina

Zikwangwani: Ndinajambulapo limodzi ku dambo lina cha ku Chikangawa, nditakhala pa thumba mawondo ali mmadzi. Timaluwa take tambirimbiri pa phesi limodzi, kalikonse kali ndi timichira tiwiri kumbuyo, sisi anati timichira tiwirito ndi chizindikiro cha Satyrium. Pansi pake ndinaona kwa mayi wina amene anali atakumba kale, pamakhala timbatata tiwiri, kena kofota ka chaka chatha kena kolimba ka chaka chamawa. Ndinajambula zonse pa pepala limodzi, mayi aja anayang'ana nthawi yaitali nkundifunsa ngati ndingawapatse. Amama ndikupangirani kope mudzapachike pa benchi panu makasitomala aziona chomwe akudya

Amama a pa Zigwagwa: Tawonga adada, chinaka cha ulere mwezi onse

Wamakamera wa ku Luwinga: Nde ku Nyika mukapita mumathyola nkubwera nawo kunyumba?

Zikwangwani: Ayi amwene mufuna andimange? Muja ndi mu paki, suthyola kanthu popanda chilolezo. Umajambula pomwepo ndi pensulo, kuyeza, kupaka timabokosi ta kala pambali nkulemba kuti iyi ndi ya duwa iyi ndi ya phesi, kutolanso ndi foni mbali zonse, nkudzamalizira kunyumba. Ndiye mwaona foni yanu ija ndimaigwiritsa ntchito, koma kala ya pa foni sindiikhulupirira, duwa lofiirira limatuluka la buluu

Wamakamera wa ku Luwinga: imeneyo ndi foni yanu yotchipayo musanamizire makamera onse kkkk. Ulendo wina tipitire limodzi, inu pensulo ine kamera, tidzaone

Mayi Nasi: Ndakhala chete ndikuwerenga. Ine ndatsala pang'ono kupuma ntchito ndipo ndinkajambula ndili mtsikana, manja sanaume kale? Ndimaopa kuseketsa ana

Aphunzitsi Opuma: Mayi musaope. Margaret Mee, mayi wa ku England amene anakakhala ku Brazil, anayamba maulendo ake ojambula zomera za mnkhalango ya Amazon mu 1956 ali ndi zaka 47, ndipo anapitiliza mpaka 1988 chaka chomwe anamwalira. Winanso Marianne North anazungulira maiko ambiri mpaka ku South Africa, ndipo nyumba yosungira zithunzi zake zoposa 800 inatsegulidwa ku Kew mu 1882, ilipo mpaka lero. Ameneyo amagwiritsa ntchito penti ya mafuta, ndiye a Zikwangwani penti yanu yakaleyo musainyoze

Zikwangwani: Imeneyo sindimaidziwa adada, ndiye mwina tsiku lina ndidzapenta mlombwa pa khoma lonse la golosale. Mayi Nasi inu ndiye muli ndi mwayi, munthu wozolowera kupeza mtsempha pa dzanja la khanda maso ake ndi akuthwa kale. Yambani ndi dzungu la kuseri kwa nyumba. Mmawa dzuwa lisanakwere thyolani maluwa awiri, lina la phesi lalitali lopyapyala lomwe timaphika chiluwe lija, limenelo ndi laumuna mkati muli kamutu kamodzi ka mungu wachikasu, lina lili ndi kadzungu kakang'ono kunsi kwake, limenelo ndi laukazi. Dulani onse pakati ndi lezala muwagoneke pa pepala mujambule zomwe mukuona, koma changu chifukwa ikamakwana 10 amakhala atatseka

Mayi Nasi: Zoona? Ndaphika chiluwe zaka zonsezi osadziwa kuti ndikuphika amuna okhaokha

Bambo a Awiri: tatha ife kkkkk

Sisi wa Forestry: Ndiwonjezere kamodzi. Amene mukufuna kuti zojambula zanu zidzagwire ntchito ya sayansi, chomera chomwe mwajambulacho ngati ndi cha mmunda mwanu kapena malo ololedwa, panikizani nthambi ina pakati pa nyuzi, makatoni pamwamba ndi pansi, njerwa pamwamba, muzisintha nyuzizo tsiku ndi tsiku mpaka iume. Ndi mmene amasungira ku National Herbarium ku Zomba. Ikauma kala yonse imathawa imasanduka yabulauni, ndiye chithunzi chanu ndi chimene chimasunga mmene chimaonekera chili chamoyo, nthambi youmayo nkukhala umboni woti simunapeke

Mwana wa Fomu 3: Ankolo ndajambula tsamba la mango pompano ndaponya, tandionereni

Zikwangwani: Dzanja lilipo mphwanga. Koma tsambalo unali nalo patsogolo kapena wajambula za mmutu? Mitsempha yako yonse yatuluka iwiriiwiri moyang'anizana ndipo yafika mpaka mmphepete mowongoka, katenge tsamba lenileni uliyang'anitse padzuwa uone ngati imatero, uonenso pomwe kaphesi kake kamalumikiza ku nthambi pamakhala potupa pang'ono. Ujambulenso uponye mawa

Mwana wa Fomu 3: ndinajambula za mmutu, mtengo uli kwa aneba ndipo ali ndi galu

Admin: Kkkkk chabwino. Pali anthu asanu andilembera kuti akufuna kuphunzira maso ndi maso. A Zikwangwani Loweruka likubwerali mungapezeke ku Botanic Garden mmawa? Aliyense abwere ndi pensulo, divaida, pepala ndi chokhalira

Zikwangwani: Loweruka ndili ndi chikwangwani cha chigayo ku Masasa mpaka masana, tipange Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi cha mma 2. Mvula ikagwa tisamukira pakhonde panga

Amama a pa Zigwagwa: Ine kujambula ayi koma ndibwera ndi chinaka, wina abweretse tiyi mu fulasiki

Wamakamera wa ku Luwinga: tiyi ndi wanga, ndipo kamera ndibwera nayo olo mukane

Mayi Nasi: Lezala abweretse ndani, kapena ndidzere pa okala ndigule paketi ya tonse?